Kuona ndi Kusiyanitsa Akamba Akuluakulu Oluma a M'mitsinje ya ku North America

M'mitsinje, m'madambo ndi m'nyanja zing'onozing'ono za kum'mawa kwa North America mumakhala akamba a m'madzi a banja limene akatswiri a zamoyo amalitcha Chelydridae, amene anthu a kumeneko amawatchula kuti snapping turtle chifukwa cha mmene amaponyera mutu mwadzidzidzi n'kuluma chilichonse chowayandikira akakhala pamtunda. Banjali lili ndi magulu awiri okha amene alipobe masiku ano. Gulu loyamba ndi la Chelydra, lomwe mtundu wake wofala kwambiri ndi Chelydra serpentina, kamba amene Carl Linnaeus anamulemba m'mabuku a sayansi mu 1758, ndipo lachiwiri ndi la Macrochelys, akamba aakulu kuposa ena onse a m'madzi opanda mchere a kontinentiyo, omwe msana wawo wa mizere yotumphuka unachititsa anthu kuwafanizira ndi ng'ona. Chaka chilichonse nyengo yotentha ikafika, asodzi ndi anthu opalasa mabwato amajambula akamba aakulu n'kunena kuti aona Macrochelys, koma nthawi zambiri amene amakhala pachithunzicho ndi Chelydra wokalamba. Cholakwikachi chimabwera chifukwa munthu wodzidzimuka amayang'ana kukula kokha, pamene kukula ndiko chizindikiro chosadalirika kwambiri pa zonse zimene zingaoneke kuchokera m'bwato.

Magulu awiriwa ali ndi zambiri zofanana zimene zimawasiyanitsa ndi kamba wa pamtunda amene owerenga ambiri amamudziwa. Kamba aliyense ali ndi chigoba cha mbali ziwiri, chakumsana ndi chapamimba, ndipo kamba wa pamtunda akaopsezedwa amalowetsa mutu ndi miyendo pakati pa mbali ziwirizi n'kudikira kuti mdani atope. Akamba oluma sangathe kutero, pakuti chigoba chawo chapamimba n'chaching'ono kwambiri, chooneka ngati mtanda, moti ntchafu, khosi ndi tsinde la mchira zimakhala poyera. Kuchepa kwa chigobachi kumapatsa miyendo mpata woyenda momasuka pansi pa madzi, koma kumasiya nyamayo yopanda pobisala ikatuluka m'madzi, n'chifukwa chake pamtunda imadziteteza poyasamula, kupemerera mpweya mwaukali ndi kuluma. M'madzi khalidwe lake limasinthiratu, popeza kamba yemweyo akamva nkhafi kapena akaona chithunzithunzi cha bwato amatembenuka n'kumira mwakachetechete, ndipo anthu osambira m'nyanja zodzaza ndi akambawa salumidwa kawirikawiri. Mutu wawo ndi waukulu, mchira wawo ndi wautali pafupifupi ngati chigoba chenichenicho, ndipo khosi amalikokera kumbuyo molunjika, mosiyana ndi akamba a m'madzi a magulu a Pelusios ndi Pelomedusa, opezeka m'madambo a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique, amene amapinda khosi cham'mbali pansi pa mphepete ya chigoba.

Funso loyamba limene wopalasa bwato ayenera kudzifunsa ndi la malo amene ali, asanayambe n'komwe kuwerenga zizindikiro za thupi. Chelydra serpentina anafalikira m'dera lalikulu kwambiri, kuyambira kum'mwera kwa Canada, ku Nova Scotia mpaka cha ku Saskatchewan, kutsika dziko lonse la United States kum'mawa kwa mapiri a Rocky mpaka ku Florida ndi ku Texas, ndipo sasankha madzi, chifukwa amakhala m'mitsinje yoyenda pang'onopang'ono, m'mayiwe a m'mafamu, m'ngalande za m'mizinda, ngakhalenso m'madzi a mchere pang'ono a kumathiriro a mitsinje. Macrochelys ali ndi dera lochepa ndiponso lodziwika malire ake. Amapezeka m'mitsinje yokhayo imene imathira m'nyanja ya Gulf of Mexico, kuyambira mtsinje wa Suwannee ku Florida ndi Georgia, kudutsa Apalachicola, Pascagoula ndi Pearl, mpaka ku mitsinje monga Neches ndi Trinity kum'mawa kwa Texas, komanso kukwera chigwa cha Mississippi kulowa ku Arkansas, Missouri, Oklahoma, Kentucky ndi kum'mwera kwa Illinois. M'mitsinje yothira m'nyanja ya Atlantic mulibe Macrochelys wachilengedwe, choncho kamba wamkulu woonedwa mumtsinje wa Hudson, wa Potomac kapena m'nyanja za ku Ontario ayenera kutengedwa kuti ndi Chelydra pokhapokha patapezeka umboni woonekeratu, ndipo ngakhale umboniwo utapezeka, kawirikawiri amakhala kamba amene wina ankaweta n'kumutaya atakula.

Funso lachiwiri ndi la zimene kambayo akuchita. Chelydra amakonda kuyandama pansi pang'ono pa nkhope ya madzi, nsonga ya mphuno ndi maso zokha zili kunja, ndipo nthawi zina pamwamba pa chigoba pamaonekera ngati mwala wozungulira wokutidwa ndi ndere. Ngakhale kuti sawothera dzuwa kawirikawiri ngati akamba ena ang'onoang'ono, amakwera pa zipika ndi pa miyala makamaka kumayambiriro kwa nyengo yofunda, pamene madzi akadali ozizira ndipo thupi lake, lomwe silidzipangira lokha kutentha, likufuna dzuwa kuti chakudya chigayike. Amayendanso mitunda yaitali pamtunda posamuka dziwe lina kupita lina, ndipo akazi amaoneka m'mphepete mwa misewu kumapeto kwa Meyi ndi mu Juni akufunafuna mchenga kapena miyala yosalimba yoti akumbe chisa. Macrochelys ndi nyama ya pansi pa mtsinje. Amayenda pamatope m'malo mosambira, amabisala m'mizu ya mitengo ndi pansi pa magombe amene madzi anawakumba kunsi, amatha kukhala mphindi 40 mpaka 50 asanatulutse mphuno kuti apume, ndipo wamwamuna akangochoka pachisa ali kamwana akhoza kutha moyo wake wonse osapondanso mtunda. Chotero kamba wamkulu amene wadzitambasula pachipika masana, kapena amene akudutsa msewu, pafupifupi nthawi zonse amakhala Chelydra, ngakhale m'madera amene magulu onse awiri amakhalira limodzi.

Chitsanzo chodziwika bwino chinachitika mu Meyi 2023 mumzinda wa Chicago, pamene Joey Santore, wodziwa za zomera amene amafalitsa mavidiyo a zachilengedwe, anali kupalasa kabwato ka kayak mumtsinje wa Chicago n'kujambula kamba wonenepa kwambiri atagona pa maunyolo adzimbiri pafupi ndi chilumba cha Goose Island. Mnofu wa miyendo yake unkasefukira kunja kwa chigoba, ndipo kambayo anapatsidwa dzina lakuti Chonkosaurus. Akatswiri sanavutike kumuzindikira kuti ndi Chelydra serpentina, chifukwa chigoba chake chinali chosalala, anali kuwothera dzuwa poyera, ndipo Chicago ali kutali kumpoto kwa dera la Macrochelys. Chimene chinachititsa chidwi anthu odziwa mbiri ya mtsinjewo n'chakuti kwa zaka zambiri munkatayidwa zonyansa za m'zimbudzi, za m'mafakitale ndi za m'malo ophera ng'ombe, mpaka mu 1900 akatswiri a zomangamanga anatembenuza mayendedwe ake kuti zonyansazo zisamalowe m'nyanja ya Michigan mmene mzindawo umatunga madzi akumwa. Pambuyo pa lamulo loteteza madzi la Clean Water Act la 1972 ndi ntchito zoyeretsa za zaka zotsatira, mitundu ya nsomba m'mitsinje ya mzindawo inawonjezeka kuchoka pafupifupi pa 10 kufika kupitirira 70. Tiyenera kunena mosamala kuti Chelydra amapirira madzi oipa kuposa nyama zambiri, kotero kupezeka kwake pakokha si umboni wakuti mtsinje wachira. Chimene kunenepa kwake kunasonyeza n'chakuti m'madzimo munali chakudya chokwanira kwa nthawi yaitali.

Malo ndi khalidwe zikaganiziridwa, maso atembenukire ku chigoba chakumsana, chomwe ndicho chimaoneka msanga madzi akakhala oyera. Macrochelys ali ndi mizere itatu yotumphuka yoyenda kuchokera kukhosi mpaka kumchira, wina pakati ndi iwiri m'mbali mwake, ndipo mzere uliwonse uli ndi nsonga zotsatizana zimene sizitha ngakhale kambayo atakula, ngakhale kuti mwa okalamba kwambiri zimabuntha. Chelydra nayenso amaswedwa ali ndi mizere itatu ndiponso chigoba chamakwinya, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amasokonezekera, chifukwa kamwana ka Chelydra kamafanana kwambiri ndi chithunzi cha Macrochelys chimene anthu ali nacho m'mutu. Koma mizere yake imaphwa akamakula, moti wamkulu amakhala ndi msana wosalala, wozungulira pang'ono, wa mtundu wakuda, wofiirira kapena wobiriwira chifukwa cha ndere, ndipo manomano amatsala kumphepete ya kumbuyo kokha. Lamulo losavuta kukumbukira ndi lakuti chigoba chachikulu chosalala n'cha Chelydra, chachikulu cha mizere yakuthwa n'cha Macrochelys, ndipo chaching'ono cha mizere chikhoza kukhala cha aliyense mwa awiriwa, kotero chimafuna umboni wina.

Umboni wina wotsimikizika kwambiri uli m'mbali mwa chigoba, ngakhale kuti umaoneka kambayo akakhala pafupi zedi kapena pachithunzi chojambulidwa bwino. Chigoba cha kamba chimakutidwa ndi zigamba zolimba zopangidwa ndi zinthu zofanana ndi zimene zimapanga zikhadabo, ndipo zigambazi zimandandalikana m'mizere: wina pakati pa msana, wina mbali iliyonse, ndi wina wa tizigamba ting'onoting'ono wozungulira mphepete yonse. Macrochelys ali ndi mzere wowonjezera waufupi wa tizigamba 3 mpaka 5 mbali iliyonse, wopanikizika pakati pa zigamba zazikulu za m'mbali ndi za kumphepete, umene akatswiri amautcha supramarginal, kutanthauza za pamwamba pa mphepete. Chelydra alibe mzerewu pa msinkhu uliwonse, ndipo n'chifukwa chake akatswiri akalandira chithunzi chokayikitsa amapempha china chojambulidwa cham'mbali.

Mutu umanena zambiri, ndipo nthawi zambiri ndiwo wokha umene wopalasa amauona. Mutu wa Macrochelys ndi waukulu mopitirira muyeso poyerekeza ndi thupi, wotambalala kumbuyo ndi wosongoka kutsogolo ukaonedwa kuchokera pamwamba, ndipo mlomo wake wapamwamba ndi wokhota kwambiri, wa nsonga yoloza pansi. Maso ake ali m'mbali mwa mutu, moti munthu woyang'ana kuchokera pamwamba penipeni sawaona bwino, ndipo diso lililonse lazunguliridwa ndi timinofu tosongoka timene timathandiza kulibisa pakati pa ndere ndi matope. Mutu wa Chelydra ndi wocheperapo ndiponso wobulungira, mlomo wake ndi wokhota pang'ono chabe, ndipo maso ake amayang'ana cham'mwamba kotero kuti onse awiri amaonekera kwa munthu amene ali m'bwato. Khosi nalonso limasiyana kwambiri. La Chelydra ndi lalitali modabwitsa, lotha kutambasuka mofulumira kutsogolo, m'mbali ndi chakumbuyo kupitirira pakati pa chigoba, pamene la Macrochelys ndi lalifupi ndi lonenepa, ndipo iye akaopsezedwa amangoyasamula kukamwa n'kudikira m'malo molumphira mdani. Kamba amene watulutsa mutu kuchokera pansi pa madzi akuya pang'ono, khosi lalitali likuoneka ngati likuchokera pamatope, ndi Chelydra amene akupuma thupi lake lili phee pansi. Mchira wa Chelydra uli ndi mzere wa nsonga zazikulu zooneka bwino pamwamba pake, pamene wa Macrochelys uli ndi timatuza tating'ono m'mizere itatu ndipo umaoneka wosalala kwambiri.

Nkhani ya kukula ibwere pambuyo pa zonsezi. Chelydra wamkulu wamba amalemera makilogalamu 5 mpaka 16, chigoba chake chimafika masentimita 20 mpaka 45 kapena kupitirira pang'ono, ndipo ochepa okha a m'tchire anayezedwapo kupitirira makilogalamu 30. Macrochelys wamwamuna wokhwima akhoza kukhala ndi chigoba cha masentimita pafupifupi 80 ndi kulemera kupitirira makilogalamu 70, kutanthauza kuposa thumba la chimanga la makilogalamu 50 ndi gawo lina la thumba lachiwiri, ndipo ena osungidwa m'malo oonetsera nyama anapitirira makilogalamu 100. Koma akazi a Macrochelys ndi aang'ono kwambiri poyerekeza ndi amuna, ambiri amalemera mofanana ndi Chelydra wamwamuna wamkulu, ndipo ana a zaka zochepa ndi ochepa kuposa pamenepo. Pamwamba pa izi, madzi amakulitsa chinthu m'maso, ndipo munthu amene wakhala pansi m'kabwato alibe choyezera, kotero kamba wa makilogalamu 15 amasanduka wa 40 nkhaniyo ikamafotokozedwa kumtunda. Chithunzi chimene chili ndi nsonga ya nkhafi kapena chinthu china chodziwika kutalika kwake pafupi ndi kambayo n'chamtengo wapatali kuposa kuyerekezera kulikonse.

Palinso akamba ena amene amasokoneza anthu. A gulu la Apalone ali ndi chigoba chofewa, chophwatalala, chopanda zigamba, ndi mphuno yaitali yonga kapaipi, ndipo akazi ake amakula ndithu. Iwo ndi abale a nkhasi ya chigoba chofewa ya m'nyanja ya Malawi ndi mumtsinje wa Shire, imene akatswiri amaitcha Cycloderma frenatum. A gulu la Graptemys ali ndi mzere umodzi wa nsonga pakati pa msana ndi mizere yachikasu pamutu, amawothera dzuwa m'magulu, ndipo amadziponya m'madzi bwato likadali kutali. Kamba wamng'ono wotchedwa Sternotherus carinatus amayenda pansi pa mitsinje yomweyo imene Macrochelys amakhalamo ndipo amatengedwa ngati mwana wake, koma mchira wake waufupi umathetsa nkhaniyo nthawi yomweyo.

Chinthu chimene chinatchukitsa Macrochelys sichioneka kawirikawiri kuchokera m'bwato, komabe chimafotokoza chifukwa chake nyamayi imakhala duu malo amodzi kwa nthawi yaitali. Pa lilime lake pali kamnofu kofiirira ka nthambi ziwiri, kamene amakagwedeza mkamwa muli chiyasamulire, ndipo popeza mkati mwa kamwamo ndi motuwa ngati matope, kansomba kodutsa kamaona nyongolotsi yokha n'kulowa kukaitola. Ana ndiwo amadalira kwambiri nyambo imeneyi, chifukwa akuluakulu amayendayenda usiku n'kumadya nsomba, nkhanu, nkhono za m'madzi, akamba anzawo ang'onoang'ono, nyama zakufa, ndiponso zipatso za mitengo ya oak zogwera mumtsinje. Chelydra alibe nyamboyi, ndipo ngakhale kuti asodzi ndi osaka abakha amamuimba mlandu wotha nsomba ndi anapiye a mbalame za m'madzi, kafukufuku wa zimene zimapezeka m'mimba mwake wasonyeza kuti gawo lalikulu la chakudya chake ndi zomera za m'madzi, nyama zakufa ndi nsomba zoyenda pang'onopang'ono. Mbiri yake yoipa yaphetsa akamba ambiri popanda chifukwa chomveka.

Munthu wofuna kuona akambawa amachita bwino kusiya kupalasa n'kulola madzi kuti amutenge pang'onopang'ono m'mbali mwa gombe, makamaka m'mamawa ndi chakumadzulo mphepo ikatha, dzuwa lili kumbuyo kwake kuti kunyezimira kwa madzi kusamutseke maso. Malo oyenera kuwayang'anitsitsa ndi pamene mtengo unagwera m'madzi, pamakhotero a mtsinje pamene madzi amazama n'kuchepa liwiro, pamathiriro a timitsinje, ndi m'mayiwe otsala pamene mtsinje unasintha njira. Mzere wa thovu ling'onoling'ono umene ukusuntha pang'onopang'ono m'madzi osaya nthawi zambiri umachokera ku mpweya wa m'matope umene nyama yoyenda pansi ikuutulutsa, ndipo nyamayo ikhoza kukhala kamba. Mitsinje yambiri ya kum'mwera, monga Suwannee umene umachokera m'dambo la Okefenokee, ili ndi madzi akuda chifukwa cha masamba owola, kotero mwayi woona Macrochelys umakhala pafupi ndi akasupe a madzi oyera monga a mumtsinje wa Santa Fe ku Florida, kapena nyengo ya chilala madzi akaphwa. Kumpoto, Chelydra amagona m'matope nyengo yachisanu yonse, akumalandira mpweya wochepa kudzera pakhungu ndi m'kamwa, ndipo nthawi zina amaoneka akuyenda pang'onopang'ono pansi pa madzi oundana.

Palibe chifukwa choti wopalasa agwire kamba wotere kuti amuzindikire. Nsagwada za Macrochelys wamkulu zadulapo zala za anthu, ndipo Chelydra, ngakhale kuti mphamvu zake amazikokomeza, amang'amba mnofu ndi mlomo komanso ndi zikhadabo. Chizolowezi chakale chonyamula kamba pomugwira mchira n'choipa kwambiri kwa nyamayo, pakuti mafupa a mchira ndi opitiriza a msana, ndipo kulemera kwa thupi lonse kukapachikika pamenepo mfundo zake zimaguluka. Kamba wamkazi wopezeka pamchenga akukumba asiyidwe yekha, chifukwa akasokonezedwa amathawa osamaliza kuikira.

Kufunika kwa kuzindikira molondola kumamveka bwino munthu akadziwa mmene akambawa amachulukirana. Wamkazi wa Chelydra amaikira mazira 20 mpaka 40 kamodzi pachaka, koma zisa zambiri zimafukulidwa ndi nkhandwe, nyama zotchedwa raccoon ndi skunk m'masiku oyamba omwe, ndipo mwa tiana toswedwa ndi tochepa kwambiri timene timafika pa msinkhu wobereka. Mtundu wonse umadalira kuti akuluakulu ochepawo akhale ndi moyo zaka zambiri akuikira chaka ndi chaka. Ku Algonquin Provincial Park ku Ontario, kumene kafukufuku wa akamba anayamba mu 1972 motsogozedwa ndi Ronald Brooks wa ku University of Guelph, zinapezeka kuti akazi amayamba kuikira ali ndi zaka pafupifupi 17 kapena kupitirira, ndipo ena akhoza kukhala ndi moyo zaka zoposa 100. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 akatumbu anapeza akamba ogona m'nyengo yachisanu m'nyanja ina ya kumeneko n'kupha pafupifupi theka la akuluakulu m'zaka zitatu, ndipo patapita zaka zoposa 20 chiwerengerocho chinali chisanabwerere mwakale, ngakhale kuti malowo ndi otetezedwa. Umboni wamtunduwu unathandiza kuti Ontario aletse kusaka Chelydra mu 2017. Kamba wamkulu amene wopalasa amamuona kwa masekondi ochepa angakhale wamkulu msinkhu kuposa wopalasayo.

Macrochelys, amene amakhwima pa zaka 11 mpaka 21, anakumana ndi zoopsa kwambiri kuchokera kwa anthu. M'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 nyama yake inkagulidwa ndi makampani opanga supu wa m'zitini komanso malesitilanti a ku Louisiana, ndipo katswiri wa akamba Peter Pritchard, m'buku lake la 1989 lonena za nyamayi, analemba za mmene mitsinje yathunthu inathera akamba ake. Mumtsinje wa Flint ku Georgia otchera misampha ankatulutsa matani 3 mpaka 4 pa tsiku pa nthawi imene malondawo anali pachimake. Maboma a zigawo analetsa malondawa limodzi ndi limodzi, ndipo Louisiana ndiye anali womaliza mu 2004. Mu 2014 akatswiri, atayerekezera majini ndi maonekedwe a zigoba ndi zibade, anasonyeza kuti akamba a mumtsinje wa Suwannee ndi mtundu wapadera, Macrochelys suwanniensis, wosiyana ndi Macrochelys temminckii wa m'mitsinje ya kumadzulo. Bungwe la boma la U.S. Fish and Wildlife Service linapereka ganizo mu Novembala 2021 lakuti Macrochelys temminckii aikidwe m'gulu la nyama zimene zili pangozi, ndipo mu 2024 linaika mtundu wa ku Suwannee m'gulu limenelo. Pamsonkhano wa pangano la CITES, loyang'anira malonda a nyama zakutchire pakati pa mayiko, umene unachitikira ku Panama mu 2022, Macrochelys temminckii anaikidwa pamndandanda wachiwiri, wa nyama zimene kugulitsa kwake kunja kumafuna chilolezo, ndipo Chelydra serpentina anaikidwanso pomwepo chifukwa ana a mitundu iwiriyi amafanana kwambiri moti ogwira ntchito m'madoko sangawasiyanitse msanga.

Ngozi imene yatsala lero ili pafupi kwambiri ndi anthu a m'mabwato. Asodzi a mlamba a kum'mwera kwa United States amatchera zingwe zazitali za mbedza zambiri zoyala pansi pa mtsinje, ndi zina zomangirira ku nthambi zolendewera pamadzi, ndipo zingwe zosiyidwa osaonedwa zimakola akamba amene amafa chifukwa cholephera kufika pamwamba kukapuma. Ena amameza mbedza n'kudula chingwe, ndipo zithunzi za X-ray za akamba ogwidwa pa kafukufuku zaonetsa mbedza zili m'khosi ndi m'matumbo. Chifukwa cha ichi mabungwe a zanyama a zigawo monga Texas amapempha anthu kuti akaona Macrochelys atumize chithunzi ndi malo enieni amene anamuona, popeza nyama yokhala pansi pa madzi akuda n'njovuta kuiwerenga, ndipo malipoti olondola amauza akatswiri kumene angatchere misampha yawo ya kafukufuku. Mumtsinje wa Buffalo Bayou, umene umadutsa pakati pa mzinda wa Houston, kafukufuku amene anayamba mu 2016 anapeza gulu lokhazikika la Macrochelys, aakulu ndi aang'ono omwe, m'malo amene anthu ambiri ankaganiza kuti nyamayi inatha kalekale. Ku Oklahoma, malo oswetsera nsomba a Tishomingo National Fish Hatchery amalera ana a akambawa kwa zaka zingapo asanawabwezere m'mitsinje imene anatheramo, ndipo kuti lipoti la munthu amene waona kamba wotere lithandize akatswiri, pamafunika zithunzi zoonetsa msana, mbali ya chigoba ndi mutu, pamodzi ndi tsiku ndi dzina la mtsinje.